Matabwa a pa Namasa ndi mabuluku awiri

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, chifukwa ndikapanda kutero amalume anu a ku Nkope adzakuuzani okha pa maliro anga, ndipo iwo pofotokoza amawonjezera zawo. Ine bambo wanu, amene mumanditama kwa anzanu kuti ndinamanga milatho, ndinalowa ntchito ndikukhulupirira kuti mlatho wa miyala umaima chifukwa cha matabwa ali kunsi kwake, ndiponso kuti munthu wochotsa matabwawo ndi mbala. Sindinangokhulupirira chamumtima ayi. Ndinathamanga kukanena.

Za ubwana wanga ku Ntcheu sindilemba. Mbuzi zinali mbuzi, sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndipo aphunzitsi sanalire. Zaka za pa kalendala nazonso musandifunse, ine ndimawerengera ana.

Chaka chimene ndinalowa ntchito, msewu wa ku Namwera

Anandilemba ulebala pa gulu la zamisewu limene linkamanga kamlatho m'mapiri, panjira yopita ku Chiponde. Ntchito yanga inali wilibala: mchenga, miyala, mchenga, miyala, dzuwa n'kulowa. Mmisiri wamkulu anali Che Bwanali, munthu wamfupi wa kofia yoyera, amene anaphunzira kusema miyala kutsidya kwa malire. Dzina lawo sankatha kulemba, koma levulo, kachipangizo koyezera kuwongoka kwa khoma, ankaiwerenga ngati shehe ali pa buku. Mlatho wawo unali wa uta. Inu munazolowera ya konkire yafulatiyi, ndiye imvani. Akalipentala amayamba kukhoma chikombole cha matabwa chokhota ngati uta, chotsamira pa mapolo ozikidwa mumtsinje. Amisiri amayala miyala yosema pamsana pa chikombolecho, ena kuyambira gombe ili, ena gombe ilo, kukwera mofanana, mpaka pakati patsale mpata wa mwala umodzi. Umenewo ndi mwala wotsekera. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndinakhutira kuti nzeru yonse yagona pa matabwa.

Ndiye m'mawa wina ndikubwera ndi wilibala yanga, ndipeza anthu akugwetsa mapolo, matabwa akuwaunjika kuseri kwa tchire. Masiku amenewo pa msonkhano uliwonse ankatiuza kuti katundu wa boma ndi wa tonse, woona wakuba anene. Ndinasiya wilibala pomwepo, liwiro mpaka ku kampu, ndinakauza kalaliki kuti Che Bwanali akuba matabwa a mlatho ndipo mlathowo ugwa dzuwa lisanafike pamutu. Kalalikiyo nayenso anali watsopano, wa ku tauni. Anandikweza pa njinga, tonse nkhope zili gwa. Tinapeza matabwa onse achoka, miyala ili lende m'mwamba popanda choigwira, ndipo Che Bwanali atakhala pa ndowa pansi penipeni pa mwala wotsekera, akumwa tiyi.

Anthu anaseka mpaka ena anagona pamchenga. Che Bwanali sanaseke, sanakwiyenso. Anamaliza tiyi, n'kundiitana pamodzi ndi lebala mnzanga wamtali ngati ine. Anatiimika moyang'anizana motalikirana, natiuza kuti tigwirane zikhatho m'mwamba, mapazi tibweze kumbuyo. Kenaka anati ndigwe. Ndinayesa kugwa, mnzanga uja nayenso akugwera kwa ine, palibe anafika pansi. Chichewa chawo chinali chopindikira ku Chiyao, sinditha kuchilemba, koma mawu ake anali awa:

"Mwala uliwonse pamenepa ukufuna kugwa, mwanangu. Koma yonse ikufuna kugwera malo amodzi, ndiye yathinana, palibe wopita. Kulemera kwake kukutsikira m'magombemu. Simenti ndi ulemu chabe."

Anawonjeza kuti matabwa ali ngati azamba, mwana akabadwa amapita kwawo. Ndipo kukhala pansi pa uta pochotsa matabwa unali mwambo wa kumene anaphunzira: amene waika mwala wotsekera ndiye amakhala pamenepo, kuti ngati ananama pomanga, miyala iyambe ndi iye. Kuchokera tsiku limenelo dzina langa la Mateyu linafa. Ndinasanduka Che Lipoti, ndipo ku Mangochi alipo okalamba amene sadziwa kuti ndili ndi dzina lina.

Zaka za pakati, kuyambira ukwati mpaka kubadwa kwa Yohane

Che Bwanali anandichotsa pa wilibala, mwina pofuna kuti ndizikhala pafupi azindiona ndikamathamanga. Anandipatsa hamala ndi tchizulo. Chaka chathunthu ndinkangosema miyala imene iwo ankaitaya. Ankati mwala wa uta uzikhala wonenepa kumsana, wowonda kumimba, ndipo mbali zake ziziloza malo amodzi, pa msomali umene ankaukhoma pakati pa chikombole n'kumangapo chingwe. Mwala uliwonse ankaukokera chingwecho. Ukakana chingwe, kaya wausema masiku awiri, unkapita ku maziko.

Tinayenda nawo malo ambiri. Tinamanga timilatho ta m'mapiri panjira ya ku Chembe, kumene anyani ankatibera chimanga cha pa kampu. Tinakhala miyezi ku Nkope, ndipo kumeneko ndinabako chinthu chimodzi chokha pa moyo wanga wonse wa ntchito, ndicho mayi anu, Abiti Jafali. Ankagulitsa usipa wouma ku kampu, ndipo ine ndinagula usipa wochuluka kuposa umene munthu mmodzi angadye, mpaka iwo anandifunsa ngati ndikuweta amphaka. Achimwene awo, amalume anu aja, anandifufuza miyezi itatu asanavomere.

Mabwana ndinaona amitundumitundu. Analipo wina amene ankayeza ntchito ali m'galimoto, galasi lotseka. Analipo wina wokonda kufunsa khadi la chipani asanafunse moni, moti makhadi tinkasunga m'chipewa, pamodzi ndi fodya. Kusowa kwa zipangizo ndiye kunali ngati nyengo, kumabwera chaka chilichonse. Misomali tinkazula m'matabwa akale n'kuiwongola pamwala. Simenti ikachedwa tinkasema miyala yodikirira, lole ikasowa matayala tinkasenza mapolo pamapewa. Chifukwa cha kusowa komweko milatho ya uta inali isanathe ntchito: zitsulo zinali za kunja, koma miyala inali ya Mulungu, ili mbwee m'phiri lililonse. Ndinakayesedwa mayeso a umisiri pa Boma, ndinakhoza a manja, a pepala anandikhululukira. Pobadwa Yohane ndinali kapitawo. Che Bwanali maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo mwa malamulo anakhala pansi panga. Mwa malamulo, ndatero. Tiyi ndinkawapangira ndine.

Chaka chimene anabadwa Esnati, Meyi mpaka Okutobala

Anatitumiza pa Namasa, mtsinje wotsika ku mapiri a Phirilongwe kupita ku nyanja. M'chilimwe ndi mchenga wokhawokha, amayi amafukula zitsime pakati pake. M'dzinja umadzaza mwadzidzidzi, mvula itagwa kumapiri kuno kuli dzuwa. Midzi ya kutsidya inkatsekeredwa masiku angapo, thonje osatuluka, odwala osafika kuchipatala, ndipo dzinja lapitalo madzi anali atatenga mayi wina ndi mtolo wake wa nkhuni. Uta wake unali waukulu kuposa yonse imene tinamangapo, mapazi makumi atatu kuchoka gombe kufika gombe. Che Bwanali ananena poyera kuti umenewu ndi wawo womaliza, akatha akupita kwawo kukalima mpunga ndi kuswali nthawi yake.

Wotiyang'anira anali Bwana Mhango, mnyamata wa kumpoto wophunzira bwino, waulemu, wokonda kulemba chilichonse. Anabwera ndi mapulani, Che Bwanali anawayang'ana mozondotsa n'kunena kuti ndi abwino. Awiriwa ankalemekezana, ngakhale wina ankakhulupirira buku, wina khutu. Ntchito inayenera kutha Seputembala. Koma simenti inachedwa milungu isanu ndi umodzi, matabwa anabwera osakwana mpaka tinachita kudula migwalangwa kuti ikhale mapolo, ndipo mwala wotsekera tinafika pouika Okutobala akutha, mitambo itayamba kale kusonkhana madzulo. Tsiku limenelo Che Bwanali anausisita mwalawo, anaukokera chingwe, kenaka anandipatsa hamala yamtengo. Anati maso awo sakuonanso mzere. Ndinaukhoma ndine, ukulowa pang'onopang'ono, kulira kwake kukusintha mpaka kunamveka ngati ng'oma yokungidwa bwino. Ndinanyada kwambiri. Za ndowa ija sindinaziganize.

Apa ndi pamene analowerera a Tcheyamani a chipani a dera limenelo. Dzina lawo ndilisunga, ana awo alipo ndipo ena mumapemphera nawo. Sanali munthu woipa kwenikweni, koma ankakonda mwambo kuposa chakudya, ndipo kwawo kunali kutsidya, kumidzi yotsekeredwa ija. Atamva kuti chikombole amachitsitsa pomenya zikhomo, timatabwa tosongoka timene timakhala pakati pa mapolo ndi chikombolecho, anaganiza zoti nduna ina yochokera ku Zomba idzamenye chikhomo choyamba pamaso pa anthu. Anapentetsa hamala. Amayi anayamba kuphunzira nyimbo. Bwana Mhango anawerenga masiku, napeza kuti Loweruka la ndunalo likugwera pa tsiku la 28 chiikire mwala wotsekera, monga buku lawo linkafunira kuti simenti ikhwime. Anandilembera kalata ya mizere itatu: chikombole chisakhudzidwe mpaka iwo atabwera. Anasaina, a Tcheyamani anaona, ndipo bwanayo anakwera lole kupita ku Zomba kukalondola simenti ya zipupa za m'mbali.

Novembala, Lolemba

Linali tsiku la 16. M'mawa Che Bwanali sanapite ku miyala. Ndinawapeza atanjuta pa chitsime cha amayi pakati pa mtsinje, dzanja lili m'madzi. Anati madzi akwera chikhatho chathunthu usiku umodzi, ndipo azizira, kutanthauza kuti kumtunda mvula yagwa kale, mchenga ukumwa. Mchenga ukakhuta, yotsatirayo idzayenda pamwamba. Anandilozera ku Phirilongwe, kumene kunali kwakuda bii. Kenaka anandilozera mapolo athu, makumi anayi, ataima mothinana pakati pa mtsinje ndi matabwa opingasa. Sanafunike kunena zambiri. Aliyense amene anakhalako kunyanja amadziwa mpanda wa mabango umene asodzi amatchinga nawo mtsinje kuti agwire nsomba. Ife tinali titamanga womwewo, koma wogwira mitengo. Madzi oyamba amabwera ndi zitsa, nthambi, misinde ya chimanga. Zonsezo zikanakodwa pa mapolo, madzi n'kuunjikana kumbuyo, n'kukankha chikombole, chikombole n'kunyamula uta. Uta ndi wamphamvu ukamapondedwa pamsana. Ukakankhidwa chakunsi kapena cham'mbali, mwana akhoza kuuphwasula.

Ndinatuma munthu pa njinga kukaimba foni ku Boma, anabwerako masana kuti waya waduka. Lole inali ku Zomba ndi bwana. Ndinapita ndekha kutsidya kwa a Tcheyamani, ndinapeza apita ku msonkhano wa masiku awiri. Pobwerera ndinakhala pansi pa mtengo wa bwemba, kalata ili m'manja, ndipo ndikuuzeni zoona ana anga, maganizo amene anandifikira poyamba sanali a ngwazi. Ndinaona kuti ndikangokhala chete, madzi n'kutenga mlatho, palibe adzandiloze chala. Madzi ndi a Mulungu, kalata ndili nayo, siginecha si yanga. Tikanayambiranso chaka chamawa, malipiro osaima. Koma ndikachotsa matabwa uta n'kugwa, kapena ngakhale osagwa koma nduna n'kusowa chomenya, pamenepo pali dzina la munthu mmodzi. Masiku amenewo mawu akuti wosokoneza chitukuko sankafuna umboni wambiri. Tinkadziwa anthu amene anaitanidwa kukafunsidwa pang'ono, akazi awo n'kukhala zaka akusesa pabwalo pa nyumba yopanda mwamuna. Mayi anu anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, pa iwe Esnati.

Ndinafunsa Che Bwanali ngati uta wa masiku 16 ungaime. Anati miyala anaisema okha ndipo yonse inamvera chingwe, m'mapewa mwa uta tinali titathiramo kale miyala mofanana mbali zonse, ndiye iwo akuona kuti uima, Mulungu akalola. Ndinawafunsa ngati akulumbira. Anati salumbirira zinthu za mawa. Ndiye ndinayesa kuchenjera, ndinati popeza iwo ndi aakulu, alamule ndiwo. Anandiyang'ana ndi maso awo ankhunguwo, nati:

"Kapitawo ndinu, Che Lipoti. Ine ndikalamula, adzati nkhalamba yasokonezeka, adzamanga inu nomwe. Ndingokuuzani kuti manja awa sadzasemanso miyala ina. Ikapita iyi, yapita."

Ndinang'amba pepala la thumba la simenti, ndinalembapo ndi pensulo ya kalipentala kuti wolamula kuchotsa chikombole ndine Mateyu, kapitawo, ena onse angomvera. Ndinalikhoma pa bwemba paja kuti aliyense aone. Anthu atatu anadwala m'mimba nthawi yomweyo n'kupita ku kampu, ndipo sindinawasungire chakukhosi. Otsalawo anatenga mahamala. Che Bwanali anamata tizidutswa ta galasi la windo pamalumikiziro atatu, pakati ndi m'mbali, kuti uta ukasuntha galasi lithetheke tione. Atatha anatenga ndowa, anaivundikira pansi pa mwala wotsekera, napukuta pamwamba pake ndi kofia yawo ngati akukonzera mlendo. Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina pali wina. Panalibe.

Kukhala pa ndowa imeneyo sindikufunirani. Pamwamba panga panali matabwa, pamwamba pa matabwa miyala yolemera kuposa malole angapo, ndipo mwala wa pakati unali woika ine, munthu wa Sitandade 5. Anandipatsa tiyi. Che Bwanali anaima panja akulamula: ayambe zikhomo za pakati, awiriawiri, uku ndi uku nthawi imodzi, kumenya kamodzi n'kuleka, kenaka zotsatira, kutsikira kumagombe, n'kubwereranso pakati. Chikombole chisatsike kuposa kunenepa kwa chala ulendo umodzi. Akamenya, onse ankakhala chete, iwo n'kugunditsa khutu pamwala. Ulendo wachitatu uta unalira. Sikunali kulira kwakukulu, kunali ngati munthu wonenepa akukhala pa mpando wa nsungwi, ndipo timchenga tinagwera mu tiyi wanga. Miyendo inanyamuka yokha. Che Bwanali anati ndikhale, ndi miyala ikupatsana moni. Anayendera magalasi ndi chala, onse atatu anali amphumphu. Ulendo wachisanu ndinaona kuwala kwa dzuwa kukulowa pakati pa matabwa ndi miyala, kampata koti n'kulowetsamo dzanja, kuyambira gombe mpaka gombe. Uta unali utaima wokha. Tiyi ndinamumwa ndi mchenga womwe.

Tinamaliza kuzula mapolo Lachiwiri madzulo, tinawaunjika pamtunda mwadongosolo. Kenaka tinadikira mvula. Lachitatu kunacha kopanda ndi kamtambo komwe. Lachinayi dzuwa linawala ngati lalipidwa, Phirilongwe ali mbee. Anthu odutsa ankaima, kuyang'ana uta, kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana ine, n'kumapita osapereka moni. Atatu a m'mimba aja anachira. Che Bwanali ankangopita ku chitsime chawo n'kubwerako. Lachinayi lomwelo masana anabwera anyamata awiri a chipani ndi kakalata: ndikaonekere ku ofesi ya a Tcheyamani, pa sitolo za pamsewu, mawa lake 8 koloko. Pepala langa la pa bwemba analizula n'kupita nalo.

Lachisanu

Mayi anu sanalire, sanandifunsenso chifukwa chake ndinachita zimenezo. Lachinayi madzulo anangoti akupita kwa achimwene awo, amene masiku amenewo ankasoka pa khonde la sitolo ina pamsewu, nabwerako ndi kamtolo. M'mawa anandiyalira zovala pa mphasa: mabuluku awiri, malaya awiri, ndi juzi. Novembala wa ku Mangochi mukumudziwa, ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Ndinati mayi, kodi ndikupita ku Dedza? Anati ndivale. Akazi a nthawi imeneyo ankauzana ku zitsime kuti woitanidwa saloledwa kubwerera kunyumba kukatenga kanthu, amapita ndi zimene wavala, ndipo kumene amapitako amagona pa simenti. M'thumba la buluku lam'kati anaikamo kachidutswa ka sopo. Ndinavala zonse, ndinatuluka ndikuyenda ngati munthu wa zithupsa.

Njira yopita kumsewu inkadutsa pafupi ndi mlatho. Ndisanafike ndinamva mkokomo, ngati malole ambiri akubwera pamodzi. Kwathu kuno sikunagwe ngakhale dontho, koma kumapiri inali itagwa usiku wonse. Namasa anali wodzaza gombe mpaka gombe, madzi ofiira, akuthamanga ndi zitsa, nthochi zathunthu, denga la nkhokwe ya munthu. Ndinaona mtengo waukulu wa mkuyu ukubwera chopingasa, mizu ili m'mwamba. Unafika pa uta, unagunda phewa la kumanzere, unazungulira pang'onopang'ono, n'kulowa chamutu, n'kutulukira kumunsi. Che Bwanali anali ataima pagombe, kofia ili m'manja, milomo ikuyenda. Ine ndinkangoona mapolo makumi anayi aja m'maganizo, ataima pamene padutsa mkuyupo.

Ndiye ndinakweza maso. Kumbukirani kuti a Tcheyamani kwawo kunali kutsidya, ndipo mlandu wanga unali tsidya lino. Pamwamba pa uta panalibe msewu, panalibe zipupa, linali linunda chabe la miyala ndi dothi lonyowa ndi mafunde, madzi akubangula kunsi. Anyamata awiri aja anali atawoloka kale ndi njinga yawo, akuyang'ana dala kumbali. Pakati pa linundalo panali a Tcheyamani, suti yakuda, baji pachifuwa, chikwama pamsana, akukwawa ndi manja ndi maondo ngati mwana wa miyezi isanu ndi inayi. Atafika pa mwala wotsekera anaima, anaukumbatira, anapuma. Pamenepo anadzutsa mutu, maso athu anakumana. Ndinatembenuka msanga n'kuyamba kuyang'anitsitsa madzi.

Ku ofesi anandikhazika pakhonde kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa linapendeka. Thukuta linatsika m'mabuluku onse awiri, sopo uja anayamba kuchita thovu m'thumba. Anthu ankalowa, kutuluka, ena ochokera ku mlatho akufotokoza za mkuyu, ndipo ndinkamva mawu akukwera ndi kutsika m'katimo. Galimoto iliyonse ikamveka pamsewu ndinkati ndi yanga. Pomaliza anandiitana. A Tcheyamani anatulutsa anthu onse, anatseka chitseko. Maondo a suti yawo anali ofiira ndi dothi. Pepala langa la simenti linali pa tebulo. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndanyoza kalata ya boma, ndinavomera. Anandifunsa kuti tsopano nduna idzamenya chiyani, ndinati hamala yopenta ija ikhoza kukhoma mwala woyamba wa chipupa cha m'mbali, ndipo mwalawo tiusema wokongola. Anaseweretsa pepala lija. Kenaka anatsitsa mawu.

"M'mawa uja pa mlatho, munaona chiyani, a kapitawo?"

"Madzi, bwana. Ndi mtengo wa mkuyu."

"Basi?"

"Maso anga akakhala pa ntchito saona zina, bwana."

"Koma ndimamva kuti dzina lanu ndi Che Lipoti."

"Ndinasiya kalekale, bwana. Linangotsala dzina."

Anang'amba pepala lija pakati, anang'ambanso, naliika m'thumba mwawo. Anatsegula chitseko n'kuuza anthu a pakhonde kuti nkhani yatha, popeza iwo eni, ataona mitambo sabata yatha, anali atalangiza kale kuti matabwa a boma apulumutsidwe. Onse anawomba m'manja. Inenso ndinawomba, mwamphamvu kuposa onse.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Bwana Mhango atabwera anayendera magalasi aja ndi tochi, anagwira Che Bwanali chanza ndi manja awiri, kenaka anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti ndinachita bwino ndipo andilembera kalata ya chenjezo. Anati akapanda kulemba, mawa kapitawo wina wopanda Che Bwanali pambali adzachotsa chikombole pa tsiku lachisanu n'kupha anthu. Ndinakwiya zaka ziwiri, chifukwa kalatayo inakhala mu fayilo ndipo inandichedwetsa kukwera, n'kunditumizanso kukamanga makalavati, timipita ta madzi pansi pa msewu, ku Chiponde. Lero ndikuona kuti mnyamata uja sanalakwe. Ine ndinali ndi khutu la nkhalamba ija ndi mwayi, ndipo mpaka pano sindidziwa kuti chachikulu chinali chiti. Nduna sinabwere n'komwe, msewu unaduka kwina. Che Bwanali anapita kwawo Khirisimasi isanafike, anandisiyira chingwe chawo ndi msomali, zimene zili m'chitini chija mumafuna kutaya chaka chilichonse. Mlathowo ulipo. Mukadzadutsa tsikani, mukayang'ane kunsi, pakati penipeni. Galasi limodzi likadalipo.

Koma ndibwerere ku Lachisanu lija. Ndinafika kunyumba kutada pang'ono, ndikununkha thukuta ndi sopo, nkhani ili yodzaza m'kamwa. Ndinali nditaikonza bwino m'njira, ya mkuyu, ya maondo a suti, ya mayankho anga anzeru. Ndinapeza mayi anu atakhala pakhomo, Yohane atagona pamiyendo pawo, nyali osayatsa, pamoto palibe kanthu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akuwerenga ngati ziwalo zonse zabwera. Ndinayamba kufotokoza, ndikuchita kuyerekeza kukwawa pabwalo pomwepo. Sanaseke. Anadikira ndimalize, anadzuka movutikira ndi mimba yawo ija, anakagoneka mwana, anayatsa nyali, ndipo ali chondifulatira anati:

"Vulani buluku lam'katilo, mulipinde bwino. Ndi la achimwene. Pobwereka ndinawauza kuti mwina silibwerera."